Kakonzedwe ka Chaka Chowerenga Mbiri Yakale, Zomangamanga ndi Nkhani Zopeka

Munthu amene akufuna kuti chaka chake chikhale cha mabuku a mbiri yakale, a kamangidwe ka nyumba ndi a nkhani zopeka asathamangire kulemba maina a mabuku. Ayambe wasankha malo anayi, malo enieni amene angathe kukapondapo ndi mapazi ake, ndipo malo aliwonse awapatse miyezi itatu. M'miyezi itatuyo awerenge zinthu zitatu: buku lofotokoza zimene zidachitika pamalopo, zolemba zomuthandiza kumvetsa mmene nyumba za kumeneko zidamangidwira, ndi nkhani yopeka yochokera m'nyengo kapena m'dera lomwelo. Pakutha pa chaka adzakhala atawerenga mabuku pafupifupi 12, ndipo lililonse lidzakhala ndi pokhalira m'mutu mwake chifukwa lidamangiriridwa ku khoma, ku msewu kapena ku phiri limene adaliona.

Njira imeneyi ndidaipeza nditalephera kawiri konse kumaliza mndandanda wa mabuku umene ndidalemba mu Januwale. Mabukuwo adali abwino, koma panalibe chowalumikiza, kotero kuti buku la Epulo linkafafaniza la Febuluwale, ndipo pofika nyengo yozizira ndinkangokumbukira zikuto zokha.

Musanayambe, pezani buku limodzi lalikulu la mbiri limene lidzakhale mzati wa chaka chonse. Kwa amene akuwerenga za Malawi, buku la John McCracken lotchedwa A History of Malawi, 1859–1966, limene lidatuluka mu 2012, limagwira bwino ntchito imeneyi. Musaliwerenge kuchokera koyamba mpaka kumapeto ulendo umodzi, chifukwa ndi lalitali ndipo lingakutopetseni mvula isanathe. Muziwerenga mitu yokhayo yokhudza malo amene mwafikapo, n'kulibweza pashelefu mpaka mutalifunanso. Pezaninso kope lachikuto cholimba. Tsamba lakumanzere muzilembapo zimene buku lanena, pamodzi ndi nambala ya tsamba. Lakumanja muzilembapo mafunso anu ndi zimene mwaona ndi maso. Kusiyanitsa masamba kotereku kumaoneka ngati kachinthu kochepa, koma patapita miyezi isanu ndi umodzi n'kumene kumakuuzani ngati ganizo lina lidali la wolemba kapena lanu.

Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya mvula, misewu yambiri yafumbi imavuta, choncho ndi nyengo yoyenera kuwerenga zolemera. Ine ndimalangiza kuyamba ndi Mbombwe m'boma la Chiradzulu, popeza dziko limakumbukira John Chilembwe pa 15 Januwale ndipo nkhani yake imakhala ili kale m'kamwa mwa anthu. Chilembwe adapita ku America mu 1897 pamodzi ndi mmishoni Joseph Booth, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera adakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Kuukira boma la atsamunda kudayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti, adaphedwa ku Magomero, ndipo Chilembwe mwini adaphedwa pa 3 Febuluwale. Buku limene limalongosola zonsezi mozama ndi Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, la mu 1958. Pamene mukuwerenga, tcherani khutu ku chinthu chimodzi chimene owerenga ambiri amangochidumpha, ndicho tchalitchi. Chilembwe ndi anthu ake adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa panthawi imene pamaesiteti oyandikana nawo timatchalitchi taudzu ta mpingo wake tinkatenthedwa, ndipo kuukira kutalephera boma lidachiphwasula ndi mabomba. Lembani patsamba lakumanja funso lakuti, n'chifukwa chiyani boma lidaona kuti khoma la njerwa nalonso n'loyenera kulangidwa? Mukaliyankha nokha funsoli mudzakhala mutamvetsa kuti m'nyengo ya thangata kuumba njerwa, kuvala bwino ndi kutsegula sukulu zidali njira zonenera kuti munthu wakuda ndi wofanana ndi mzungu. Mishoniyo idatsegulidwanso mu 1926 ndi Daniel Malekebu, ndipo tchalitchi chimene mudzachione mukapitako mvula itadula ndi cha m'badwo wachiwiriwo. Nkhani yopeka ya miyezi imeneyi ikhale iliyonse yokamba za moyo wa pamaesiteti, za msonkho, kapena za amuna amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Harare ndi ku Joni n'kusiya mabanja.

Kuyambira Epulo mpaka Juni pitani ku Blantyre, kumene kuli sukulu yabwino koposa yophunzirira kuona nyumba. Mabuku okamba za zomangamanga za m'Malawi mokha ndi ochepa, choncho gawo ili la kuwerenga kwanu lidzadalira nkhani zazifupi za m'magazini a akatswiri, makamaka magazini a bungwe la Society of Malawi, limene laibulale yake ili m'chipinda chapamwamba cha Mandala House. Nyumbayo payokha ndi phunziro. Idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inkatsogoleredwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo dzina lakuti Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso a John. Yang'anani kukula kwa khonde lake ndi kukhuthala kwa zipupa, kenaka mudzifunse zimene omangawo ankaopa: dzuwa, mvula yokokolola dothi la m'khoma, kapena adani.

Kuchoka pamenepo mukafike ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku mishoni ya Blantyre, ndipo mukakhaleko maola awiri, osachepera. Mishoniyo idayamba mu 1876, ndipo tchalitchicho chidamangidwa kuchokera mu 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sadaphunzirepo za kamangidwe. Iye sadajambule mapulani athunthu ntchito isanayambe. Gawo lililonse ankayamba aliyesa poyala njerwa zouma popanda matope, likaoneka kuti lakhala bwino ndipo ankalimanga. Njerwazo zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, ndipo amene adaziwerenga amati zilipo za maonekedwe 81. Imani pafupi ndi khoma, pamtunda woti mutha kuligwira ndi dzanja, ndipo muone mmene mzere wina njerwa zidagonekedwa m'litali pamene mzere wotsatira zidaonetsa mitu yokha, kayalidwe kamene kamamanga khoma kuti lisang'ambike. Tsatirani ndi chala njerwa zokhota za pamwamba pa zenera, muone mmene iliyonse imatsamira inzake mpaka pa ya pakati imene imatseka zonse. Yerekezani nsanja zakutsogolo, jambulani m'kope mwanu ngakhale dzanja lanu lisali lozolowera kujambula, chifukwa pojambula mpamene diso limakakamizika kuwerenga zimene likadangozidutsa. Ngati mukudziwa mmisiri womanga nyumba, mutengeni. Iye adzakuonetsani m'mphindi khumi zimene buku lingatenge mutu wathunthu kufotokoza.

Pano mpofunika chenjezo limene limakhudza chaka chonse. Mabuku ambiri a mbiri ya nyengo imeneyo adalembedwa kuchokera m'makalata ndi m'malipoti a amishoni, a amalonda ndi a boma, choncho dzina la Scott mudzalipeza paliponse, pamene anthu amene adakumba dothi, kuliponda, kulithira m'zikombole, kudula nkhuni za uvuni ndi kukwera pamwamba kukayala njerwa amangotchedwa antchito. Wowerenga wosamala amalemba m'kope mwake nthawi iliyonse pamene buku lakhala chete pa anthu otere. Apa mpamene nkhani zopeka zimathandizira kwambiri, pakuti wolemba nkhani ali ndi ufulu wolowa m'nyumba ya woumba njerwa madzulo n'kutiuza zimene adadya ndi zimene ankaopa. Koma ufulu womwewo ndi umene uyenera kukuchititsani kusamala: chimene mwachipeza m'nkhani yopeka musachilembe patsamba lakumanzere ngati chochitika chenicheni mpaka mutachipezanso m'buku la mbiri.

Miyezi ya Julaye mpaka Seputembala iperekeni kumudzi, kwanu kwenikweni ngati kuli kotheka. Ino ndiyo nyengo imene anthu amamweta udzu, kuumba zidina, kuotcha njerwa ndi kufolera madenga mvula isanabwere, ndiye kuti buku lanu la zomangamanga lidzakhala likuchitika pamaso panu. Khalani pansi ndi agogo kapena amalume, muwafunse mmene nyumba yozungulira inkamangidwira: mtengo wanji unkasankhidwa kukhala mzati kuti chiswe chisaudye, nsanamira zinkazikidwa motalikirana bwanji, phaso linkamangidwa ndi luzi lotani, ndani ankamata ndipo ndani ankazira pansi. Afunseninso chaka chimene nyumba yoyamba ya malata idaoneka m'mudzimo ndi kumene mwini wake adapeza ndalama, chifukwa yankho lake kawirikawiri limakubwezerani ku mbiri ya maulendo a kumigodi kapena ya fodya. Pa kuwerenga, ino ndi nthawi ya Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, amene adalemba Mbiri ya Achewa komanso nkhani yopeka ya Nthondo, imene idapambana mphotho ndipo idatuluka mu 1933. Kuwerenga mabuku awiri a munthu mmodzi, lina la mbiri lina lopeka, kumaonetsa bwino zimene mtundu uliwonse wa zolemba ungathe kunena. Amene ali ndi mpata angafike ku Chongoni m'boma la Dedza kukaona zojambula za pamiyala, zimene UNESCO idaziika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, kapena ku Mua, kumene ansembe a White Fathers adayamba mishoni mu 1902.

Gawo lomaliza, Okutobala mpaka Disembala, likhale la mizinda iwiri ya boma. Zomba idali likulu la dziko mpaka 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe, ngakhale aphungu adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Yendani pansi m'Zomba muone nyumba za makonde zokwera m'mbali mwa phiri, kenaka yesani kuyenda pansi kuchokera ku Old Town kukafika ku Capital Hill ku Lilongwe, ndipo miyendo yanu idzakuuzani kuti mzinda umenewu udakonzedwera anthu a galimoto. Nkhani zopeka ndi ndakatulo za nyengo ya ufulu ndi ya chipani chimodzi zilipo zambiri, ndipo woyang'anira laibulale aliyense angakulozereni. Amene akukhala kumpoto angasinthe gawo limodzi n'kuikapo Livingstonia kapena tchalitchi chachikulu cha St Peter pachilumba cha Likoma, chimene chidayamba kumangidwa mu 1903. Ulendo wa panyanja ndi bwino kuukonza mphepo ya mwera itachepa.

Tsopano za kagawidwe ka nthawi. Masamba 20 patsiku ndi okwanira, ndipo buku la masamba 500 limatha m'masiku 25 pa liwiro limeneli. Mbiri muziiwerenga m'mawa mutu usanatope, ngakhale kwa theka la ola musanapite kuntchito, ndipo nkhani yopeka muziisungira usiku, chifukwa imawerengeka ngakhale ndi kanyali ka sola magetsi akazima. Mukamaliza mbiri mupite kukaona malo, ndipo nkhani yopeka muimalize mutabwerako, kuti anthu a m'nkhaniyo aziyenda m'misewu imene mwaiponda. Buku likakukanikani mutafika tsamba la 60, lisiyeni, lembani chifukwa chake, n'kupeza lina la malo omwewo. Chimene simuyenera kusiya ndi malowo.

Mabuku ndi odula, ndipo palibe chifukwa chowagula onse. Lembetsani ku nthambi ya National Library Service imene ili pafupi nanu, ndipo mupemphe buku la gawo lotsatira mwezi umodzi lisanafike, popeza mwina lidzakhala lili m'manja mwa wina. Zolemba zakale za boma ndi manyuzipepala akale zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo tsiku limodzi kumeneko m'gawo lomaliza lidzakuonetsani gwero la zambiri zimene mwakhala mukuwerenga. Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni musawanyoze. Auzeni zimene mukufuna, asiyireni nambala, ndipo muzidutsirako pakutha pa mwezi. Ngati muli anthu atatu kapena anayi, aliyense agule buku limodzi pa gawo, muzibwerekana, ndipo ulendo wokaona malo muziyendera limodzi kuti mtengo wa minibasi kapena mafuta upepuke.

Sabata yomaliza ya Disembala musayambe buku latsopano. Tengani kope lija, muwerenge masamba onse akumanja kuchokera mu Januwale, n'kuika chizindikiro pa mafunso amene sadayankhidwe. Funso lililonse lotere mulembe pambali pake dzina la malo kumene yankho lake lingapezeke, kaya ndi Nkhotakota, Karonga, Khulubvi ku Nsanje kapena kutsidya kwa malire ku Tete, ndipo pa malo amenewo musankhepo anayi a chaka chamawa.