Kayendetsedwe ka Pulojekiti Yaikulu ya Motion Graphics

Achinyamata ambiri omwe amapanga makanema otsatsa malonda ndi a mabungwe kuno ku Zomba, kaya ali m'kachipinda ku Chikanda kapena ku Matawale, amadandaula kuti kompyuta zawo n'zofooka. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri chimene chimalemetsa ntchito ya compositing (kuphatikiza makanema, zithunzi ndi zolemba kuti zioneke pamodzi) ndi kasanjidwe kake, moti ngakhale kompyuta yamphamvu imafika potopa ngati ma layer (zidutswa zosanjikizana za chithunzi) mazanamazana aunjikidwa mu composition (malo osanjikiziramo ma layer) imodzi ndipo mwini wake sakudziwa kuti chiti ndi chiti.

Musanatsegule After Effects, pulogalamu yopangira motion graphics (zithunzi ndi zolemba zoyenda), konzani mafoda pa hard drive: ya makanema ojambulidwa, ya mawu, ya zithunzi ndi malogo, ya mafayilo a pulojekiti, ndi ya zotuluka. Mafoda omwewo muwabwerezenso mkati mwa pulogalamuyo. Chigawo chilichonse cha kanema muchipatse nambala yodumpha makumi, monga SH010, SH020 ndi SH030, n'cholinga choti kasitomala akadzafuna kuwonjezera china pakati mudzangochitcha SH015 popanda kusintha mayina a zinazo. Kumapeto kwa dzina kukhale nambala yosonyeza kuti fayilo yasinthidwa kangati: v001, v002, kumapita m'tsogolo. Dzina loti "final" lisiyeni, pakuti mawa lake limabala "final2".

Gwirizanani msanga za kukula kwa chithunzi ndi liwiro lake. Wailesi za kanema za kuno zimatsata mafulemu 25 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amajambula 30, ena mwa liwiro losinthasintha. Makanema oterewa muyambe mwawasandutsa kukhala mafayilo a mtundu wa ProRes 422 kapena DNxHR. Chifukwa chake n'chakuti H.264, mtundu wa fayilo ya kanema wofala pa mafoni, sasunga fulemu iliyonse yathunthu, ndipo kompyuta imayenera kuwerenga mafulemu oyandikana nayo kuti ikuonetseni imodzi yokha, zomwe zimachedwetsa ntchito nthawi iliyonse mukasuntha cholozera. Mafayilo atsopanowo amakhala aakulu, koma amayenda mopepuka.

Pamene pagona ntchito yeniyeni ndi pogawa. Chigawo chilichonse chikhale ndi composition yakeyake, ndipo composition yaikulu ingolandira zigawo zomalizidwa pamodzi ndi mawu. Zinthu zobwerezabwereza, monga kachikwangwani ka dzina la wolankhula kamene kamaoneka m'munsi, muzipange kamodzi ngati precomp, yomwe ndi composition yoikidwa mkati mwa inzake, kenaka mugwiritse ntchito Essential Properties posintha dzina lokha pamalo aliwonse. Mitundu ya kampani muiike pa null (layer yosaoneka) imodzi yokhala ndi Color Control, ndipo ma layer onse ofuna mtunduwo muwalumikize kumeneko ndi expression, kalamulo kolembedwa kouza layer kotenga mtunduwo. Tsiku limene bwana wa kampaniyo adzanene kuti buluu wake ndi wakuda kuposa pamenepo, mudzasintha malo amodzi basi m'malo mosakasaka m'zigawo makumi anayi. Komabe musapitirire muyeso: precomp yokhala mkati mwa inzake mpaka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi imasocheretsa ngakhale amene anaipanga. Posankha font, yesani kaye ngati ili ndi chilembo cha ŵ, chifukwa ena mwa makasitomala amafuna dzina la Malaŵi lilembedwe motero, ndipo si font iliyonse imene ili nacho.

Pogwira ntchito, tsitsani resolution (kuoneka bwino kwa chithunzi) ifike pa Half kapena Quarter, zimitsani motion blur (kachimbuuzi ka zinthu zoyenda) kufikira kumapeto, ndipo disk cache (posungira mafulemu owerengeredwa kale) muilozetse ku SSD yomwe ili ndi malo okwanira. Chigawo cholemera chimene chavomerezedwa kale, monga cha utsi kapena tinthu tambirimbiri touluka, muchitulutse ngati ProRes 4444, yomwe imasunga mbali zoonekera, n'kuchibwezera m'pulojekiti monga kanema wamba. Kompyuta siiyenera kuwerengera chinthu chimodzimodzi kawirikawiri.

Nkhani ya render, kutanthauza kutulutsa kanema womalizidwa, ndi yofunika kuiganizira mofatsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, makamaka nyengo ya mvula pamene ziphaliwali zimavuta cha kuphiri. Kanema wa masekondi 30 ali ndi mafulemu 750, ndipo ngati fulemu iliyonse ikutenga masekondi 20, ntchitoyo ipitirira maola anayi. Mukatulutsa fayilo imodzi ya kanema, magetsi n'kuthima pa fulemu ya 700, nthawi zambiri fayiloyo siitsegukanso ndipo mumayambira poyambirira. Mukatulutsa mndandanda wa zithunzi za PNG kapena OpenEXR, fulemu iliyonse imasungidwa payokha, choncho mumangofufuta yomaliza yomwe inadukira panjira n'kupitiriza kuchokera pamenepo. Mu Render Settings muli posankha pa Skip Existing Files, pamene pamachititsa pulogalamu kudumpha mafulemu omwe alipo kale. Njira yomweyi imalola kompyuta ziwiri zolozera ku foda imodzi kugawana ntchito. Zithunzizo mukazisonkhanitsa ndi mawu, H.264 yopita kwa kasitomala imatuluka m'mphindi zochepa. UPS, batire yosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, ngakhale yaing'ono, ndi yofunika kuposa plugin (kapulogalamu kowonjezera) yatsopano iliyonse.

Kusunga kukhale chizolowezi. Gwiritsani ntchito Increment and Save, yomwe imasunga ntchito mu fayilo yatsopano ya nambala yotsatira, musanasinthe chinthu chachikulu, ndipo Auto-Save ikhale yoyatsa. Ntchito ikhale malo atatu, amodzi mwa iwo akhale kunja kwa nyumba yanu. Popeza bandulo ndi yodula, pa intaneti mungathe kuikapo fayilo ya pulojekiti yokha, yomwe imakhala yaing'ono, pamene makanema mukuwakopera pa hard drive yosungidwa kwa mbale wanu.

Kasitomala mum'tumizire kanema woonerapo wokhala ndi timecode (manambala osonyeza nthawi) pakona, ndipo pa WhatsApp muutumize ngati document kuti usaphwanyidwe maonekedwe. Mum'pemphe mwaulemu kuti zosintha zonse azilembe pamodzi, chilichonse ndi nthawi yake, komanso kuti mawu a wolengeza avomerezedwe compositing isanayambe, pakuti chiganizo chimodzi chikatalika zigawo zonse zotsatira zimasuntha.

Ntchito ikatha, sankhani composition yaikulu, chitani Reduce Project kuti zosafunika zichoke, kenaka Collect Files kuti zonse zogwiritsidwa ntchito zilowe mu foda imodzi. Dziwani kuti Collect Files sakopera ma font kapena ma plugin, amangowatchula mu lipoti lake, kotero ma font muwaike nokha mu fodayo ndipo mulembe ma plugin omwe wodzatsegula pulojekitiyo adzafunike kukhala nawo.