Momwe mungakonzekerere kukambirana ndi dokotala za mitsempha ya magazi m'chotupa cha m'bere

Yambani ndi kumvetsa chifukwa chake chotupa chimafuna magazi. Chotupa cha khansa sichingakule kupitirira mamilimita 1 kapena 2 popanda mitsempha yatsopano yochibweretsera chakudya ndi mpweya wa okosijeni, mfundo imene dokotala Judah Folkman anaitsindika mu 1971. Maselo a chotupacho akayamba kusowa mpweya, amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, ndipo mitsempha yapafupi imaphukira nthambi n'kulowa m'chotupamo.

Kenaka dziwani kuti mitsempha imeneyi imakhala yokhotakhota komanso yodontha, motero mankhwala olowa m'magazi safika bwino pakati pa chotupa, pamene maselo osowa mpweya amapirira kwambiri chithandizo cha radiotherapy (chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu). Mitsempha yomweyo ndiyonso njira imene maselo amadutsamo popita kumafupa, kuchiwindi kapena kumapapo.

Mukamva za mankhwala otsekereza VEGF, monga bevacizumab, funsani mosamala za phindu lake. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawaloleza pa khansa ya m'bere yofalikira mu 2008, koma linachotsa chilolezocho mu 2011 chifukwa sankatalikitsa moyo wa odwala, ndipo ankakweza kuthamanga kwa magazi. Ngakhale VEGF itatsekerezedwa, chotupa chimatha kupeza njira zina zomeretsera mitsempha, kapena kungodalira imene ilipo kale.

Funsaninso ngati chotupa chanu chili ndi HER2 yochuluka (puloteni yofulumizitsa kukula kwa maselo a khansa) kapena chimakula ndi mahomoni, popeza zimenezi ndizo zimatsogolera dokotala posankha mankhwala, ndipo mukaona chikukula mukadali pa chithandizo, kamuuzeni msanga osadikira tsiku limene anakupatsani.