Injini ya boti yakale, muione bwanji musanalipire

Mwafunsa za injini ya boti yogwirapo kale ntchito, zija za Yamaha Enduro 15 kapena 40 zodzadza ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Choyamba muuzeni mwini wake asailize musanafike, mukaigwire nokha ikhale yozizira, coz injini yotentha imalira msanga olo ili yotopa. Kokani chingwe pang'onopang'ono, chizilimba, chikamangobwera mopepuka ndiye kuti kompuleshoni, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, inatha. Makaniko akakhala ndi geji ya kompuleshoni ayeze masilinda onse, asasiyane kupitirira 10%.

Kenako masulani mapulagi. Abulawuni ali bho, koma adzimbiri kapena amadontho a madzi, basi bwererani.

Apa mpomwe ambiri amapusitsidwa: masulani bawuti ya oyilo wa giya kumunsi kuja pafupi ndi pulopela, adonthe pang'ono pachala. Akatuluka ngati tiyi wamkaka ndiye madzi akulowa, masiilo, timphira totchinga madzi, anapita, ndipo mukaonamo tizitsulo dziwani kuti magiya akudyana, ndalama zake si zamasewera. Zunguzaninso pulopela ndi dzanja ili mu nyutulo, ikamagwedera shafiti inapindika.

Tsopano ilizeni, koma m'madzi, mumgolo kapena panyanja pomwe, pouma impela, kamphira kopopa madzi oziziritsa injini, imapsa nthawi yomweyo. Kabowo kotulutsa madzi oziziritsa injiniwo kazithira mwamphamvu. Ikani giya yakutsogolo ndi yambuyo, kenako pitani nayo panyanja boti litanyamula anthu, mumve ngati ikukoka.

Nambala ya injini ya pa bulaketi, chitsulo chomangira injini ku boti, ifanane ndi ya pa lisiti. Ikakhala yopalidwa isiyeni, injini zakuba ziliko.