Wayini wa mphatso pa sitima ya cruise, mulipira corkage kapena ayi?

Mwafunsa kuti achemwali akupatsani botolo la wayini ngati mphatso, ndiye mukalitengera ku dining (chipinda chodyera) pa sitima akulipiritsani corkage, ndalama yomwe amalipiritsa mukamwa wayini wobwera naye nokha? Zimatengera kuti wayiniyo wachokera kuti basi.

Choyamba afunseni achemwaliwo kuti anagula kuti. Ngati anaoda kudzera pa webusayiti ya kampani ya sitimayo nkuuza kuti akakusiyireni ku kabini, ameneyo ndi wa sitima yomweyo, nthawi zambiri corkage palibe. Kakhadi kamene kamabwera ndi botoloko musataye, mukamuonetse weta, apo ayi akulembelani pa bilu osadziwa.

Ngati anagula ku shopu kunja, dziwani kuti kumeneko alibe nazo ntchito kuti ndi mphatso. Pa sitima za kampani ya Carnival munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo amaloledwa botolo limodzi la 750ml tsiku lokwera, losatsegula, ndipo muliike mu chikwama chapamanja osati mu sutukesi yomwe mukupereka kwa onyamula katundu. Mukamwera ku kabini mulibe kulipira, pemphani matambula kwa oyeretsa chipinda, koma mukapita nalo ku dining ndi $15. A kampani ya Norwegian ndiye amalipiritsa ngakhale mukamwere kuchipinda, ine ndimaona ngati kudyera anthu masuku pamutu koma ndi malamulo awo.

Amene mukukwera sitima za kampani ya MSC pa Durban, iwalani zotenga botolo, salola mowa wochokera kunja.

Chomaliza, chongani bilu yanu pa app musanatsike, ngati akulembani molakwika pitani ku Guest Services ndi kakhadi kaja.