Mapu a mijigo amene mwakonza, mnzanu angawatsegule?

Amayi ndi abambo a m'makomiti a madzi, a magulu olima madimba, komanso inu achinyamata amene mumatumidwa kukayenda ndi foni m'makomo, lero tikambirane za kasungidwe ka zimene mwatolerazo.

Gulu lina la ku Mabvuku, muno mu Harare, linandiitana kuti ndikaone mapu a mijigo ndi zitsime amene anyamata awo anakonza. Ntchito anaigwiradi, anayenda khomo ndi khomo dzuwa likuswa mtengo. Nditapempha mapuwo, anandionetsa zithunzi za pa WhatsApp. Timadontho tofiira tinkaoneka bwinobwino, koma panalibe njira yotisanjikira pa mapu a mapaipi a zonyansa amene anzawo a ku Tafara anali nawo. Fayilo yeniyeni inapita ndi mnyamata amene anasamukira ku Johannesburg. Chithunzi cha thumba la mbewu sadzala, abale anga.

Amene tinaona kolera ya mu 2008, ndi ija ya mu Seputembala 2018 imene inavuta ku Glen View ndi ku Budiriro, tikudziwa kuti funso lakuti chitsime ichi chatalikirana bwanji ndi chimbudzi kapena paipi yophulika ndi la moyo. Mapu a gulu limodzi sayankha funso limenelo. Pamafunika a madzi, a zonyansa ndi a madambo akumane pa kompyuta imodzi.

Pulogalamu yochitira zimenezi ilipo ndipo ndi yaulere. Dzina lake ndi QGIS. Anaiyambitsa Gary Sherman mu 2002, ndipo lero amaikonza anthu a m'maiko ambiri, chifukwa malamulo ake amalola aliyense kuitenga, kuisintha ndi kuigawa. Mmodzi akaikopera pa intaneti, ena nonse tengerani pa flash, si kuba ayi. Potolera kumunda pali mapulogalamu a pafoni otchedwa QField ndi KoboCollect, zonse zimalemba malo ngakhale bandulo itatha, popeza GPS imamva masetilaiti osati netiweki.

Tsono posunga. Ambiri munazolowera shapefile, mtundu wa fayilo umene kampani ya Esri inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Vuto lake, si fayilo imodzi. Ndi banja: pali .shp, .shx, .dbf, ndi .prj imene imanena kuti manambala a malo awerengedwe motani. Munthu amatumiza .shp yokha n'kumadabwa kuti mnzake akulephera kutsegula. Komanso mutu wa danga lililonse la mutebulo lake sudutsa zilembo 10, moti mukalemba "tsiku_loyezedwa" udzaduka pakati. Ine ndimalangiza GeoPackage, imene imathera ndi .gpkg. Bungwe la Open Geospatial Consortium linaivomereza mu 2014. Ndi fayilo imodzi, ndipo mijigo, misewu ndi malire a madimba zonse zimalowamo. Mukafuna kutumizira munthu amene ali ndi Google Earth yokha, mutulutsireni fayilo ya mtundu wa KML, koma nkhokwe yanu ikhale GeoPackage.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pamagwera ngakhale ophunzira. Harare ili pafupifupi pa latitude -17.83 (nambala ya kumpoto kapena kummwera) ndi longitude 31.05 (nambala ya kummawa kapena kumadzulo). Kamzere kali kutsogolo kwa 17 kakutanthauza kuti tili kummwera kwa equator. Mukakasiya, mjigo wa ku Dzivarasekwa ukatulukira m'chipululu cha ku Sudan. Mukatembenuza manambala awiriwo, ukagwera m'nyanja ya Atlantic. Kutembenuzaku n'kosavuta kuchita, chifukwa anthu timatchula latitude poyamba pamene mtundu wina wa fayilo ya mapu wotchedwa GeoJSON umayamba ndi longitude. Choncho mukangolowetsa madontho, yalani mapu aulere a pa intaneti a OpenStreetMap pansi pake muone ngati agwera kwanu.

Manambala a pafoniwo ndi madigiri, m'dongosolo la WGS 84, limene mu QGIS limadziwika ndi nambala yakuti EPSG:4326. Madigiri sayezera mtunda. A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo QGIS ili ndi chida chotchedwa Buffer chojambula bwalo la mtunda umene mwanena kuzungulira chitsime chilichonse. Koma mukalemba 30 madontho anu ali m'madigiri, pulogalamu imva kuti mwati madigiri 30. Digiri imodzi ndi pafupifupi makilomita 111, ndiye bwalo lanulo limeza Malawi yense, Nairobi ndi Cape Town yomwe. Yambani mwasinthira ku dongosolo la mamita. Dongosololo ndi UTM, limene limagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo kuno ku Harare tili m'chigawo 36S, nambala yake EPSG:32736. Musangotengera kwa mnzanu wa ku Bulawayo, iye ali m'chigawo 35S, chifukwa malire a zigawo ziwirizi ali pa longitude 30.

Pali msampha winanso umene sulira. Mapu akale a pepala a muno mu Zimbabwe anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950. Manambala ake a UTM amafanana maonekedwe ndi a lero, koma mukawawerenga ngati a WGS 84, dontho limasuntha pafupifupi mamita 300, makamaka cha kumpoto kapena kummwera. Mtunda umenewo ndi wokwanira kuchotsa dimba kumtunda n'kuliika m'dambo la Mukuvisi, kapena kubisa chimbudzi chimene chili pakhomo pa chitsime. Pulogalamu sikuchenjezani, imangokhulupirira zimene mwaiuza. Mukalandira manambala ochokera pa mapu akale, werengani m'mphepete mwa pepalalo, ndipo ngati alembapo Arc 1950, uzani QGIS kuti ndi EPSG:20936, idzasintha yokha.

Nkhani ya mawu nayo. Kuno timasakaniza zinenero pakamwa pamodzi. Wina alemba mjigo, wina chibhorani monga amanenera anzathu achishona, wina alemba Chingerezi, wina ayamba ndi chilembo chachikulu. Kompyuta iwerenga zinthu zinayi zosiyana. Musanatuluke kukatolera, khalani pansi mugwirizane mawu amodzi, ndipo pafomu ya pafoni pakhale posankha m'malo mwa polemba. Madanga asachuluke: mtundu wa gwero la madzi, kaya likugwira ntchito kapena linafa, tsiku limene mwaliona, ndi nambala yake. Tsikulo muzilemba chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-03-09, kuti pasakhale wofunsa ngati ndi Malichi kapena Seputembala.

Za pa intaneti anthu amandifunsa kawirikawiri, poti makompyuta athu ambiri ndi okalamba ndipo magetsi amathima ntchito ili pakati. Bungwe lija la Open Geospatial Consortium linakhazikitsa njira zimene makompyuta akutali amaperekera mapu. Ya WMS imakutumizirani chithunzi chabe cha mapu, choyala pansi. Ya WFS imatumiza madontho ndi mizere yeniyeni, yoti mungaiwerenge ndi kuiyeza. Ya WPS, imene inakhazikika mu 2007, imalola kuti masamu olemera achitikire pa seva, kompyuta yakutaliyo, inu n'kungolandira yankho. Ofesi kapena yunivesite ikati mapu ake ali pa intaneti, funsani kuti ndi njira iti mwa izi, chifukwa ikakhala WMS yokha mwabwerera ku chithunzi cha thumba la mbewu chija.

Maganizo anga ndi akuti zolemera, monga zithunzi za setilaiti, muziziona pa intaneti pomwepo osazikopera. Zithunzi za Sentinel-2 ndi zaulere, zimabwera pafupifupi masiku 5 aliwonse, ndipo kabokosi kamodzi pachithunzi kamaimira mamita 10 mbali zonse. N'zabwino poonera mmene dambo ngati la Monavale likuumira kapena kubiriwira. Koma zimene mwatolera ndi mapazi anu zikhale kwanu. Seva ya mwini ikhoza kutsekedwa pulojekiti ikatha, ndipo sadzabwera kudzakupepesani.

Alimi a Pfumvudza, ulimi wa m'mayenje pa kamunda kakang'ono, inu foni musaidalire poyeza. Munda wake ndi mamita 39 mulitali ndi 16 mulifupi, pamene GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo ngakhale kunja kuli kowala, ndipo pansi pa mitengo kapena pafupi ndi malata imaphonya koposa. Pachithunzi cha Sentinel-2 munda wonsewo ndi timabokosi pafupifupi 6. Tepi ndi chingwe zikadali ndi ntchito. Foni ingokuuzani pamene mundawo uli, ndipo polemba dontho imani kaye kamphindi mpaka nambala yosonyeza kuphonya itsike.

Mukafuna kuthandiza dera lanu, onjezani misewu ndi mijigo ya anthu onse pa OpenStreetMap, imene inayamba mu 2004 ndipo aliyense amaloledwa kuikonza. Zokopera pa Google Maps siziloledwa kumeneko, lembani zimene mwaona nokha. Maina a eni nyumba, manambala a foni, ndi makomo amene munali odwala zisatuluke m'buku la komiti. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2021 loteteza zinsinsi za anthu, komanso simungafune kuti mapu anu achititse manyazi banja la eni.

Pomaliza ntchito ya tsiku, fayilo ija muitchule dzina la dera ndi tsiku, muikepo ndi kakalata kakafupi konena amene anatolera, foni kapena chida chimene anagwiritsa ntchito, ndi nambala ya EPSG. Ikhale kwa mlembi, kwa wapampando, ndi pa flash ya m'bokosi la komiti. Kenako tengani flash imeneyo mukaitsegule pa kompyuta ya gulu loyandikana nalo, mwini wake akuona, musanawauze anyamata kuti ntchito yatha.