Musanapite kukayezetsa zilonda za m'mimba

Ine ndinatha zaka ziwiri ndikuimba mlandu tsabola ndi nyemba. Wolakwa weniweni anali kachilombo kotchedwa H. pylori, kothandizana ndi ibuprofen amene ndinkabwira ngati mtedza msana ukavuta. Aspirin ndi diclofenac nawonso amakanda chifu chimodzimodzi, fodya ndi mowa n'kumangosonkhezera moto.

Choyamba, nyamulani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pagolosale. Adokotala muwauze nthawi imene m'mimba mumawotcha: muli ndi njala, usiku, kapena mutangodya kumene.

Kachilomboka amakapeza m'chimbudzi. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinayezetsa ndikumwabe omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba), zotsatira n'kunena kuti ndilibe kanthu. Mankhwalawa amayenera kusiyidwa milungu 2 musanayezetse, ma antibiotic milungu 4, koma yambani mwafunsa adokotala.

Akakutumizani kukaunikidwa ndi kapaipi ka kamera kodzera kukhosi, musadye kwa maola osachepera 6. Kamanyansa, inde, koma ndi mphindi zochepa chabe.

Chimbudzi chikada bii ngati phula, mukasanza magazi, kapena nsima ikayamba kukakamira pakhosi uku mukuonda, musadikirenso kuti mwezi uthe. Pitani tsiku lomwelo.