Kukonza mlatho wakale wa matabwa wofolera: yambani ndi pomwe madzi akulowera

Denga la mlatho wa matabwa analiikira mitanda, osati anthu odutsa. Mlatho wosafolera umaola pakatha zaka ngati 20, pomwe wofolera bwino umapitirira zaka 100. Wa Kapellbrücke ku Lucerne, m'dziko la Switzerland, unamangidwa m'zaka za m'ma 1300. Kuno ku Joni amisiri timakumana ndi timilatho ta oyenda pansi, m'minda ya nyumba zakale ndi pa timitsinje tothira mu mtsinje wa Jukskei, koma matenda ake ndi omwewo: madzi akhala pomwe sayenera kukhala.

Musanazule msomali, funsani zaka za mlathowo. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kugumula kapena kusintha chomangidwa chopitirira zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kuno chimachokera ku Provincial Heritage Resources Authority Gauteng. Wopempha ndi mwini malo. Inu jambulani zithunzi, ndipo thabwa lililonse lochotsedwa mulilembe nambala ndi choko.

Kufufuza kumayambira kunsonga, pomwe mitanda ikuluikulu yapansi yakhalira pa chipupa cha miyala kapena konkire. Pamenepo pamaunjikana dothi ndi masamba, chinyezi sichichoka, chiswe nachonso chimakwerera pomwepo. Bayani sikuludiraiva m'thabwa nkutembenuza. Thabwa labwino limang'ambika kachidutswa kakatali kosongoka. Lowola limangobenthuka ngati bisiketi, popanda phokoso. Menyani ndi hamala: likamveka ngati mulibe kanthu mkati, boolani kabowo ka 6 mm muone utuchi. Wotuwa ndi wouma, zili bwino. Wakuda ndi wonyowa, mtanda wadyeka mkati ngakhale kunja ukuoneka wosalala. Ngati muli ndi mita yoyezera chinyezi, paliponse popitirira 20 peresenti pali ngozi, chifukwa ndi pomwe kuola kumayambira. Timaenje tating'ono tothothoka ufa ndi chizindikiro choti thabwa lafumbwa.

Kenako kokani chingwe kuchokera kunsonga ina kufika kwina. Milatho imeneyi ankaimanga yotukuka pang'ono pakati. Ikakhala kuti yabwafuka pansi pa chingwe, polumikiza pena pamasuka. Ikani majeki pa matabwa osanjikiza mopingasa, mukweze mamilimita ochepa patsiku, uku mukutsekera ndi mapisi. Mukakweza zonse tsiku limodzi, mfundo zomwe zinazolowera kupindika zaka zambiri zimasweka. Mtanda wapansi umagwira ntchito mokokedwa, choncho polumikiza pake pafunika injiniya; musaganizire nokha, achimwene, ngakhale bwana akhale akufulumiza.

Thabwa lakale lisatayidwe chifukwa cha mbali imodzi yowola. Zomanga zambiri zakale za mu Johannesburg ndi za Oregon pine yochokera kunja, yamizere yothinana, ndipo paini wa masiku ano safanana nayo. Dulani powola mpaka mufike pa thabwa lolimba, muonjezerepo 150 mm, ndiye mulumikize chidutswa chatsopano mopendeka, polumikizapo patalike kosachepera katatu kukula kwa mtandawo. Oregon pine imapezeka kwa ogulitsa zogumula m'nyumba zakale. Mukagula paini wothira mankhwala, onani chidindo: H3 ndi ya panja posakhudza dothi, H4 yokhudza dothi, H5 ya m'madzi kapena dothi lonyowa nthawi zonse. H2 ndi ya mkati mwa nyumba basi. Paliponse pomwe mwadula kapena kuboola pakanipo mankhwala, poti pakati pa thabwa mankhwala samafika bwino. Zidutswa zotsala musaotchere nyama. Mankhwala a CCA, omwe amathira m'matabwawa, ali ndi poizoni wa arsenic.

Mankhwala omwewo amadya chitsulo wamba, ndiye mabawuti akhale a galavanaizi yoviika, okhala ndi mawashala otambalala a 50 mm kuti asalowe m'thabwa. Thabwa latsopano limafota likamauma, choncho mudzamangenso mabawutiwo nyengo yachisanu ikatha. Pansi pa nsonga za mitanda ikani zidutswa za H4 zoti zizitha m'malo mwa mtanda, ndipo mbali zonse pasiyidwe mpata wa 50 mm wodutsa mpweya.

Kutseka powola ndi simenti kapena kukuta ndi penti yokhuthala ndi ntchito yokongola miyezi itatu yokha. Madzi amatsekeredwa mkati, kuola nkumapitirira mobisika. Mankhwala a boroni ndi abwino pa mitanda ya pansi pa denga, koma pomwe mvula imamenya amakokoloka.

Malata atuluke pafupifupi 500 mm kupitirira khoma. Matalala a kuno amaboola malata akale, ndipo dzuwa limang'amba timphira ta pa zomangira, ndiye kwerani chaka chilichonse mvula ya Okutobala isanayambe. Matabwa a m'mbali atsike kupitirira mtanda wapansi kuti madzi azidontha pansi, koma pamwamba pafupi ndi denga pakhale potseguka.

Ntchito ya kunsi kwa mlatho igwiridwe pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Nthawi ya dzinja timitsinje ta kuno timadzaza mwadzidzidzi mvula ya mabingu ikagwa kumtunda, majeki nkupita ndi madzi. M'miyezi youmayo adani amasintha: tchetchani udzu mamita angapo kuzungulira nsonga zonse, chifukwa moto wolusa suchedwa. Mbali yaikulu ya Kapellbrücke inapsa usiku umodzi mu 1993.